Naim Nait XS 3 ndi KEF LS50 Meta: mmene ndikuzimvera fumbi ndi mvula zitadutsa

Ampulifaya iyi ndingaigulenso mawa lomwe, mtima uli m'malo. Masipikawa ndimawakonda kwambiri, koma sindingauze munthu kuti awagule ndisanaone chipinda chimene akufuna kuwaikamo. Apa ndi pamene ndaima tsopano, zida ziwirizi zitakhala m'nyumba mwanga muno mu Lilongwe kuyambira nyengo yozizira, n'kudutsa m'fumbi ndi kutentha kwa Okutobala, mpaka mvula yakata.

Kwa amene simukuzidziwa: Nait XS 3 ndi ampulifaya imene inatuluka mu 2019, ndipo inapangidwa ku Salisbury, ku England, ndi kampani ya Naim imene Julian Vereker anayambitsa mu 1973. Imapereka mawati 70 mbali iliyonse pa sipika ya ma ohm 8 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi kudutsa). Ili ndi polowetsa galamafoni ndi pobaya mahedifoni, koma ilibe Bluetooth, ilibe DAC (kachipangizo kosandutsa nyimbo za m'kompyuta kapena m'foni kukhala mawu olowa mu ampulifaya), ndipo ilibe popotokola kuti muwonjezere besi. Chimene chalowa ndi chimene chimatuluka. LS50 Meta ndi masipika ang'onoang'ono a KEF, kampani ya ku Maidstone, ku England komweko, ndipo anatuluka mu 2020. Zili zatsopano ku Britain, ampulifaya inkagulitsidwa pafupifupi mapaundi 2,200, masipika pafupifupi 1,000. Ine ndinagula zogwiritsidwapo kale ntchito, mbale wanga wa kumeneko n'kunditumizira. Mwayi wake ndi wakuti magetsi athu ndi a ku Britain ndi amodzi, mavoti 230, ndipo pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu. Mumangobaya pakhoma.

Chimene chimandikhazika pampando mpaka lero ndi mawu a anthu. KEF anaika tweeter, kasipika kotulutsa mawu opyapyala, pakatikati penipeni pa sipika yaikuluyo, osati pamwamba pake monga zimakhalira m'masipika ambiri. Amatchula kapangidwe kameneka kuti Uni-Q. Zotsatira zake n'zakuti mawu onse amachokera pamalo amodzi, ndipo khutu limatha kuloza pamene woimba aliyense waima. Mukaika kwaya yojambulidwa bwino, masopulano ali uku, matenala ali uko, wotsogolera ali patsogolo pang'ono, ndipo akamakoka mpweya mumamumva. Nyimbo za gitala limodzi ndi mawu amodzi ndiye osanena. Pali zimbale zimene ndakhala nazo zaka zambiri, zimene ndinkati ndikuzidziwa mpaka kumapeto, koma mawu achiwiri amene amathira mang'ombe kumbuyo ndawazindikira chaka chino. Kukoma kumeneku sikunazilale ndi kuzolowera. Zida zina zimakusangalatsani sabata yoyamba chifukwa chonyezimira, kenako makutu n'kuyamba kutopa. Izi ayi. Ndimatha kumvera madzulo onse mutu osalemera.

Mbali yaikulu ya zimenezi ndimaipereka kwa ampulifaya. LS50 Meta si masipika ofewa kuwayendetsa. Amatulutsa ma dB 85 okha pa muyeso wa kukwera kwa mawu umene masipika ambiri apakhomo amafika 88 kapena 90, ndipo ma dB 3 aliwonse osowa amafuna mphamvu yowirikiza kawiri. Ngakhale analembedwa kuti ndi a ma ohm 8, pena amatsika mpaka 3.5 n'kumakoka magetsi ambiri, ndiye ampulifaya yofooka imabanika. Ndinawayesako pa ampulifaya ya mnzanga ya makanema, yolembedwa mawati ochuluka kuposa a Naim, ndipo nyimbo inamveka yaulesi, ng'oma zikubwera ngati zikukokedwa. Pa Nait ng'oma imagwa pamene iyenera kugwa, n'kusiya pamene iyenera kusiya. Anthu okonda Naim amakamba kwambiri za kayendedwe ka nyimbo, ndipo ndikuwavomereza. Phazi limayamba lokha kugunda pansi, ngakhale voliyumu ili yotsika ana atagona.

Tsopano za chipinda, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Nyumba zathu zambiri za m'tauni ndi za njerwa zopakidwa pulasitala, pansi matailosi, mawindo aakulu, balaza lolumikizana ndi podyera. Palibe chomeza mawu. Masipikawa amamwaza mawu mofanana mbali zonse, choncho chilichonse chimene khoma ndi matailosi zabweza chimafika kukhutu pamodzi ndi nyimbo. Pabalaza panga mawu opyapyala ankalasa, mawu a amayi oimba ankauma, ndipo ubwino uja wa kuloza pamene woimba waima unkasungunuka. Wombani m'manja kamodzi pabalaza panu, mumve kulira kumene kumatsalira. Kulira kumeneko kumakwera pa nyimbo iliyonse, kaya zida zanu n'zodula bwanji. Kapeti yochindikala pakati pa mpando ndi masipika inathandiza kuposa chilichonse chimene ndagula. Makatani olemera anathandizanso. Komabe balaza linawakulira masipikawa, ndipo mapeto ake ndinawasamutsira ku chipinda chaching'ono chokhala ndi shelefu ya mabuku, cha mamita pafupifupi atatu ndi theka m'lifupi. Mmenemo ndi mmene anayamba kuimba zenizeni.

Kaikidwe kake nakonso kali ndi mwambo. Bowo lotulutsa mpweya wa besi lili kumbuyo, choncho mukawakankhira kukhoma besi imatupa n'kuphimba mawu ena. Kwa ine theka la mita kuchoka kukhoma ndi pamene panakhala bwino. M'bokosi mumabwera timasiponji totsekera bowolo ngati malo akuchepa, koma ndikatiika ndimaona kuti nyimbo yataya mpweya, ndiye tili m'kabati. Musawaike pa kabati ya TV. Amafuna miyendo yawoyawo yolimba, yoti tweeter ilingane ndi khutu mukakhala pansi. Yanga anandiwotcherera mmisiri wa zitsulo wa kuno konkuno, ya masentimita 60, ndipo m'mapaipi mwake tinathiramo mchenga wouma kuti isalire. Sipika iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu 8, choncho phazi la mwendowo likhale lotakata.

Besi ndiye malire awo, ndipo apa ndisakunamizeni. Sipika ya masentimita 13 m'kabokosi kakang'ono singakankhe mpweya wochuluka. A KEF eniake amalemba kuti mawu amayenda mosalala kutsika kufika pa 79 Hz (nambala ya Hz ikamachepa ndiye kuti besi ikuzama), ndipo pofika pa 47 Hz amakhala atatsika ndi ma dB 6. Chingwe chotsikitsitsa cha gitala la besi chimalira cha pa 41 Hz. M'chipinda chaching'ono makoma amabwezerako zina, moti besi ya jazi kapena ya nyimbo zathu zakale za magitala imamveka yoyera, noti iliyonse payokha, osati chiphokoso chimodzi. Koma ikani amapiano. Log drum ija imene imayenera kukugwedezani pachifuwa mumangoiona mthunzi wake. Reggae imakoma kumtunda, pansi pake n'kusowa nthaka. Mlamu wanga, amene amaimbitsa zimbale m'maukwati, atamvera anandifunsa moona mtima ngati ndazimitsa sabuufa, sipika ija ya besi yokhayokha. Sindinamuseke, chifukwa chimene khutu lake linasowa kulibedi. Ngati chimene mumafuna ndi kudzaza bwalo tsiku la chinkhoswe, ndalama zimenezi zipite kwina. Ndipo musawakakamize: mukakweza mopyola, mawu amayamba kupanikizana, ndipo mumamva kuti kasipika kafika pothera.

Magetsi ndi nkhani ina imene olemba za zida zimenezi ku Ulaya saiganizira n'komwe. Nait inapangidwa kuti izikhala yoyaka nthawi zonse, n'chifukwa chake switchi yake ili kumbuyo. Kuno zimenezo sizili m'manja mwathu. Magetsi akathima nthawi yaitali n'kubwera, ampulifaya imamveka yowuma pang'ono poyamba, kenako pakatha theka la ola imakhazikika. Ena amati imafuna masiku angapo kuti ibwerere mwakale. Khutu langa silinamvepo zimenezo, ndipo sindidandaula nazo. Chimene ndimaopa ndi mphamvu imene magetsi amabwerera nayo. Ndinaika kachipangizo koteteza, kofanana ndi kamene timaika pa firiji, kamene kamadikira kaye mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa. Nthawi ya dzinja kukayamba kung'anima ndimazula pulagi pakhoma, osangozimitsa chabe. Chida ngati ichi chikapsa, zipangizo zake n'zoitanitsa kunja, ndipo mudikira.

Amene muli ndi sola, samalani ndi inveta. Mkati mwa ampulifayayi muli thiransifoma yaikulu, ndipo thiransifoma imamva msanga magetsi akakhala osayera. Pa inveta yotchipa, ya mtundu wa modified sine wave, inkang'ung'udza moti ndinkaimva ndili pakhomo. Vuto silinali la ampulifaya. Titaika inveta ya pure sine wave inangoti zii, ndipo kunena zoona usiku wa magetsi a batire ndi umene ndimamvera nyimbo mokoma koposa, mwina chifukwa mafiriji ndi mapampu a m'dera lonse amakhala atagona. Pa jenereta sindiilumikiza n'komwe. Mvula ikamagwa pamalata, ngakhale pali siling'i, ndimangovala mahedifoni, ndipo pobaya pake pa Nait si pongokongoletsa: pamaimba bwino ndithu.

Zida izi sizibisa chilema cha nyimbo. Nyimbo zotumizirana pa WhatsApp, zofinyidwa mpaka kutha madzi, zimamveka monga zilili: zinganga zimachita phokoso la pepala, mawu ali phwatalala. Zimandiwawa kuti nyimbo zina za kwathu zimene ndimazikonda zinajambulidwa mokweza mopyola muyeso, ndipo pano zimatopetsa, pamene m'galimoto zimakoma. Koma zina zakale, zojambulidwa ndi maikolofoni ochepa m'chipinda chimodzi, zimatuluka zamoyo modabwitsa. Poti ampulifayayi ilibe DAC, muyenera kugula yapadera kuti mulumikize kompyuta kapena foni, ndipo muiwerengere pa bajeti. Yanga ndi yamtengo wapakatikati. Ma CD anga ndinawakopera pa laputopu ngati mafayilo a FLAC, amene sataya kanthu pa nyimbo, zimene zimandipulumutsanso ku mabandulo a intaneti. Mafayilo aja amati ndi apamwamba kuposa CD ndinawayesa, ndipo kusiyana kumene ndimamva kumachokera kwa amene anajambula nyimboyo, osati ku manambala a fayilo.

Za mawaya ndinena mwachidule. Kumbuyo kwa Nait kumalowa mapulagi a banana okha, aja a kandodo kamodzi kobaya m'bowo, waya wosenda sulowa, choncho konzekeranitu. Ndimagwiritsa ntchito waya wa kopa wonenepa bwino, wotalika mofanana mbali zonse. Mnzanga anandibwereka wodula kwambiri, ndinamvera mofatsa, ndipo ndinam'bwezera mtima uli mbee. Ndalama imeneyo gulani kapeti.

Fumbi la chilimwe limakhala pa sipika ngati ufa, chifukwa masipikawa alibe chophimba kumaso. Ndimawafunditsa chitenje ndikamaliza kumvera, ndipo popukuta ndimagwiritsa ntchito burashi yofewa, osakanikiza, poti mbale yakeyo ndi ya aluminiyamu yopyapyala ndipo ikabonyoka siibwerera. Amene muli ndi ana aang'ono, dziwani kuti kabwalo konyezimirako kamaitana chala. Chitseko cha chipindacho chimakhala chokhoma. Ampulifaya sinandivutitsepo: m'kutentha kwa Okutobala imangofunda, bola pamwamba pake musasanjikepo kanthu.

Pabalaza ndabwezerapo masipika anga akale aatali, amene sadziwa kuloza woimba koma amadzaza nyumba alendo akabwera. Ma KEF akhala m'chipinda chaching'ono chija limodzi ndi Nait, ndipo ndikusunga ndalama ya sabuufa yaing'ono yotseka, yopanda bowo, yoti ingonyamula kuyambira cha pa 80 Hz kutsika, pamene iwo amasiyira. Ndikufuna ndiibwereke kaye ndiimvere m'chipindamo ndisanalipire, chifukwa makoma a njerwa amenewa akhoza kuikuza mopitirira.