Ndemanga: buku la mbiri ya loya Clarence Darrow, nyenyezi zinayi mwa zisanu

Buku ili ndinaligula mwezi wa Juni kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo cholinga changa chinali chakuti ndipatse mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zamalamulo ku Chirunga. Ndinapereka K18,000 titanenerera kwa nthawi yaitali. Popeza mwanayo anali kumudzi pa tchuthi, ndinayamba kuliwerenga ndekha, ndipo linanditengera masabata atatu, mtanthauziramawu ali pambali, chifukwa Chingerezi chake si chamasewera ngakhale kwa ine amene ndinagwira ntchito yomasulira m'khoti kufikira nditapuma.

Ndiyambe ndi dandaulo. Zilembo zake ndi zazing'ono, mapepala ake anasanduka achikasu, ndipo guluu wa kumsana anauma kotero kuti masamba khumi ndi asanu ndi limodzi anali atathothoka kale ndisanaligule, koma wogulitsayo sanandiuze. Masamba osowawo ndi a pakati pa mlandu wa 1907 wa ku Boise, Idaho, m'dziko la America, pamene Darrow ankayimira Bill Haywood, mtsogoleri wa anthu ogwira ntchito m'migodi, amene ankamuganizira kuti anakonza chiwembu chophera Frank Steunenberg, bwanamkubwa wakale wa derali. Ndinasiya mboni yaikulu ya boma, Harry Orchard, ikupereka umboni, ndipo potembenuza tsamba ndinapeza Haywood atamasulidwa kale. Nditabwerera kukadandaula, wogulitsayo anangoti buku la kaunjika limagulidwa monga liliri.

Mitu yoyambirira ikuyenda mofulumira, ndipo ndi bwino choncho. Darrow anabadwa mu 1857 ku Ohio, bambo ake anali mmisiri wa mipando amenenso ankakhoma mabokosi a maliro, ndipo iye atasamukira ku Chicago anapeza ntchito yabwino ngati loya wa kampani ya njanji. Mu 1894 anaisiya ntchitoyo kuti akayimire Eugene Debs, amene anatsogolera sitiraka ya ogwira ntchito za njanji. Chaka chomwecho analephera kupulumutsa Patrick Prendergast, amene anapha meya wa Chicago, Carter Harrison, ndipo Prendergast ananyongedwa. Wolemba bukuli wachita bwino kuika mlandu umenewu koyambirira, pakuti zonse zimene Darrow anachita pambuyo pake polimbana ndi chingwe zikumveka bwino ukadziwa kuti anaonapo munthu wake akupita.

Mtima wa buku lonse ndi mlandu wa 1924, ndipo mutu umenewu wokha ukukwanira ndalama zimene ndinapereka. Nathan Leopold wa zaka 19 ndi Richard Loeb wa zaka 18, ana a mabanja olemera kwambiri, ophunzira a kuyunivesite, anaba mnyamata wa zaka 14, Bobby Franks, n'kumupha popanda chifukwa china koma kufuna kuonetsa kuti angathe kupalamula osagwidwa. Anagwidwa chifukwa cha magalasi a maso amene Leopold anagwetsa pafupi ndi pamene anataya mtembo, ndipo onse awiri anaulula kwa apolisi. Mzinda wonse wa Chicago unkafuna kuti anyongedwe, ndipo aliyense ankayembekezera kuti loya wawo anena kuti anyamatawo anali amisala. M'malo mwake Darrow anawauza kuti auvomere mlanduwo. Bukuli lafotokoza bwino nzeru yake: munthu akakana mlandu, tsogolo lake limakhala m'manja mwa anthu wamba khumi ndi awiri osankhidwa kuti agamule, ndipo aliyense wa iwo angathe kubisala kumbuyo kwa anzake, koma akauvomera, chilango chimatsala m'manja mwa woweruza mmodzi, amene ayenera kusenza yekha imfa ya achinyamata awiri. Darrow analankhula kwa masiku atatu pamaso pa Jaji John Caverly, ndipo chigamulo chinali ndende moyo wonse pa mlandu wakupha, kuwonjezapo zaka 99 pa mlandu woba munthu.

Chimene chinandigwira mtima pamenepa n'chakuti ntchito yonseyo inali imene ife m'khoti timaitcha madandaulo, gawo limene nthawi zambiri limatha m'mphindi zisanu. Ndamasulirapo kambirimbiri mawu akuti "ndine wamasiye, ndimasamala ana, n'koyamba kupalamula", woweruza akulemba osadzutsa mutu. Darrow anabweretsa madokotala a zamaganizo, anafukula ubwana wa anyamatawo, ndipo anasandutsa madandaulo kukhala mlandu weniweniwo. Wophunzira malamulo wa kuno ayenera kuwerenga mutu umenewu akukumbukira mlandu wa Kafantayeni wa 2007, pamene khoti lalikulu linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva madandaulo ake. Chigamulo chimenecho n'chimene chinachititsa kuti akaidi ambiri a kundende ya Zomba amvedwenso za zilango zawo.

Mlandu wa 1925 wa ku Dayton, Tennessee, wa mphunzitsi John Scopes amene anaphwanya lamulo loletsa kuphunzitsa kuti anthu anachita kusandulika kuchokera ku nyama, wapatsidwa masamba ochuluka kuposa oyenera. N'zoona kuti n'zosangalatsa kuwerenga momwe Darrow anaitanira William Jennings Bryan, loya wa mbali ya boma, kuti akhale mboni pa nkhani za Baibulo, koma mlanduwo unali wa chindapusa cha madola 100 chokha, chimene khoti la apilo linachichotsa mu 1927. Ndiyeneranso kuchenjeza owerenga opemphera kuti Darrow sankakhulupirira za chipembedzo, ndipo wolembayo akusekerera naye limodzi m'malo ena. Ine ndikadakonda kuti masamba amenewo apite ku mlandu wa Ossian Sweet, dokotala wachikuda amene anagula nyumba m'dera la azungu ku Detroit chaka chomwecho. Chikhamu cha azungu chinazinga nyumbayo n'kumagenda, mfuti inalira kuchokera m'kati, mzungu mmodzi anafa, ndipo anthu khumi ndi mmodzi anazengedwa mlandu wakupha. Ogamula onse anali azungu. Ulendo woyamba analephera kugwirizana, ndipo mu 1926 anamasula Henry Sweet, mng'ono wake wa dokotalayo, Darrow atawauza poyera kuti akadakhala azungu amene ankateteza nyumba yawo sipakadakhala mlandu.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa chifukwa wolembayo amamukonda Darrow mopitirira. Mu 1911 Darrow ankayimira abale awiri a McNamara pa mlandu wophulitsa bomba ku nyumba ya nyuzipepala ya Los Angeles Times, pamene panafa anthu 21. Wofufuza wake, Bert Franklin, anagwidwa mumsewu akupereka ndalama kwa munthu amene ankayembekezeka kukhala mmodzi wa ogamula, ndipo Darrow mwini anali chapafupi pomwepo. Anazengedwa milandu iwiri ya ziphuphu; woyamba anamasulidwa mu 1912, ndipo pa wachiwiri ogamula sanagwirizane. Bukuli likudutsa pamenepa ngati munthu wodutsa pamanda usiku. Chimodzimodzinso mlandu wake wotsiriza wa ku Honolulu mu 1932, pamene atakalamba komanso chuma chitamuthera anavomera kuyimira azungu anayi amene anapha Joseph Kahahawai, mbadwa ya ku Hawaii, pomuganizira kuti anagwirira mkazi wa Thomas Massie, msilikali wa pamadzi. Anapezeka olakwa, koma bwanamkubwa anasintha zaka khumi za ndende kukhala ola limodzi. Munthu amene anateteza banja la Sweet anaima tsopano kumbali ya olanga munthu okha popanda khoti, ndipo wolembayo akungotchula za ukalamba ndi ngongole, osafunsa funso lililonse lovuta.

Powerenga zonsezi ndinkakumbukira kuti kuno kwathu, mu 1983, a Orton Chirwa, amene anali loya wophunzira ku London, anaweruzidwa kuti aphedwe limodzi ndi akazi awo a Vera m'khoti la makolo limene silinkalola woimbidwa mlandu kukhala ndi loya, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ndikadapeza buku lofotokoza mlandu umenewo mwatsatanetsatane ngati mmene ili lafotokozera wa Leopold ndi Loeb, ndikadapereka kawiri mtengo umenewu.

Amene akufuna kuligula aone kaye manambala a masamba mmodzimmodzi asanapereke ndalama, ndipo asayembekezere kuti liwathandiza pa mayeso, pakuti malamulo ake ndi a ku America a zaka zana zapitazo. Mlozera wa mayina uli kumapeto ndi wokwanira, ndipo zithunzi zake, ngakhale zazilala, zikuoneka. Langali ndinapita nalo kwa womata mabuku amene analisoka ndi ulusi pa K3,000, ndipo mwana wa mlongo wanga analitenga Loweruka lapitali. Dzulo ananditumizira uthenga pa WhatsApp wofunsa kuti, "Malume, kodi masamba a Haywood munawasunga kuti?"