Prado, Fortuner, Pajero kapena Discovery: iti ingakwere Thabwa ngolo ili kumbuyo?

Amene anakwerapo chikweza cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa atakoka ngolo yodzaza matumba amadziwa kuti galimoto saiyesera pa msewu wa Chipembere. Kumunsi kuja, pa mlatho wa Shire, dzuwa limakhala likuswa mtengo, ndipo kuti mufike mu Blantyre muyenera kukwera mamita pafupifupi 1,000 mokhotakhota, pa giya yachiwiri, maso ali pa muvi wa kutentha kwa injini. Ine ulendo umenewu ndimauyenda chaka chilichonse nthawi yokolola, ndipo Lamlungu galimoto yomweyo imayenera kunyamula banja lonse, anthu asanu ndi awiri kuphatikizapo agogo. Nditayamba kufuna yakaunjika yoti izitha zonse ziwirizi, mayina anayi ndi omwe ankabwerabwera pakamwa pa anthu.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri timagwa apa. Matumba 30 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 1,500. Onjezani ngolo yeniyeniyo, tinene 600, mwadutsa kale matani awiri. Gawo limodzi mwa magawo khumi a katunduyo limatsamira pa towbar, chitsulo chokolekapo ngolo kumbuyo kwa galimoto, ndipo limawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto. Magalimoto amtunduwu amaloledwa kunyamula makilogalamu 600 kapena 700 basi. Akuluakulu asanu ndi awiri okhaokha amatha kufika 500. Ndiye mipando yonse yodzaza ndi ngolo yodzaza, pa ulendo umodzi, ndi zinthu zomwe sizigwirizana, kaya galimotoyo ndi ya dzina lanji.

Prado ndi imene aliyense amathamangira, ndipo pali chifukwa. Ili ndi chasisi chachitsulo cholimba, imayendera matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo sipeya yake mukaisowa ku Limbe mukaipeza ku Ndirande dzuwa lisanalowe. Ikakuferani ku Nchalo kapena ku Mwanza, makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa. Pa pepala imakoka makilogalamu 2,500, ina mpaka 3,000 malinga ndi chaka ndi dziko lomwe inagulitsidwa. Koma pali msampha womwe wakola anthu ambiri. Ku Japan anasiya kugulitsa Prado ya dizilo mu 2007 ndipo anaibwezeretsa mu 2015. Choncho ma Prado ambiri a mtundu wa 150 a pakati pa 2009 ndi 2015 omwe akulowera pa Songwe ndi a petulo, injini ya 2.7 ija yotchedwa 2TR. Injiniyi siifa msanga, zoona, koma mphamvu yake yokokera ndi 246 Nm, pamene dizilo ya 3.0 ya mu Prado yomweyo imadutsa 400. Mukaimangirira matani awiri pa Thabwa imalira ngati mbuzi yomangidwa, giya ikungosinthasintha, mafuta akutsika mukuona. Mafuta akasowa, anthu n'kumagona pa mizere, zimenezo si zazing'ono. Werenganinso mipando ndi maso anu, chifukwa ma Prado ena a ku Japan otchedwa TX ali ndi isanu yokha.

Prado yokokera ndi ya dizilo: 1KD ya 3.0, kapena 1GD ya 2.8 ngati thumba likulola. Pa 1KD funsani za timing belt, lamba wa injini yemwe amasinthidwa pa makilomita 150,000, komanso za mawashala a mainjekita. Akayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo, sefa ya pansi pa injini imatsekeka, injini n'kuuma ikuyenda. Vuto lenileni la Prado ndi mtengo. Ogulitsa amadziwa kuti dzina lokha likugulitsa, ndiye yotopa kale imatchulidwa ndalama ya galimoto yabwinobwino.

Fortuner ndi Hilux yovala jekete. Zambiri zomwe tili nazo kuno zinapangidwa ku Durban, ndipo sipeya zake zambiri n'zofanana ndi za Hilux, zomwe zili ponseponse. Imatsika mtengo poyerekeza ndi Prado ya chaka chomwecho, ndipo ya 2.8 yomwe inayamba mu 2016 imakoka bwino ndithu. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: ma Fortuner ambiri a ku South Africa si 4x4. Ndi okwera m'mwamba, maonekedwe ofanana, koma amayendera matayala akumbuyo okha. Gwadani muone ngati kutsogolo kuli difu, chitsulo chopereka mphamvu ku matayala. Mipando yakumbuyo kwenikweni imapindikira m'mbali n'kulendewera pa mawindo, kudya malo a katundu, ndipo pa msewu wa mabampu okhala kumbuyo amamva kuti pansi pawo pali pikapu.

Pajero ndiyo ndikuona kuti anthu akuinyoza mosayenera. Ndikunena ya zitseko zisanu, ya 2006 kupita mtsogolo, injini ya dizilo ya 3.2 yotchedwa 4M41. Injiniyi ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndi yaphokoso ngati thalakitala, koma imakoka mosadandaula, makilogalamu 3,000 kapena kupitirira pa pepala m'maiko ambiri. Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi Super Select, njira yake yosankhira matayala okoka: mukhoza kuyenda pa 4H, matayala onse anayi akukoka, pa tala popanda kuwononga kanthu, ndiye mvula ikakupezani pa msewu wa Thyolo ngolo ili kumbuyo, matayala onse anayi amagwira, ndipo kukauma mumabwerera pa awiri kuti mupulumutse mafuta. Mpando wachitatu umabisala pansi, buti n'kukhala yathyathyathya. Mpandowo ndi wa ana, osati wa agogo. Kwathu agogo amakhala pakati, adzukulu kumbuyo.

Zofooka zake zilipo. Tayala lililonse lakumbuyo lili ndi mwendo wakewake, ndiye towbar ikalemedwa galimoto imakhala pansi, matayala n'kumadyeka m'kati. Masipuling'i olimbirapo amathandiza. Kapulasitiki kotsogolera tcheni pamwamba pa injini kamatha, ndipo ndi bwino kukasintha kasanathyoke. Mitsubishi inasiya kupanga Pajero mu 2021, ndipo kuno sipeya zina mumachita kuitanitsa ku Johannesburg n'kudikira. Koma ndalama yomwe mwasunga pogula imakwanira matayala atsopano, sevisi yaikulu ndi ngolo ya mabuleki.

Nanga Land Rover Discovery 3 ndi 4? Pa kukoka kokha palibe woiposa pa zinayizi: makilogalamu 3,500, sasipenshoni ya mpweya yomwe imadziwongola yokha ngolo ikalemera, ndi mipando isanu ndi iwiri yomwe munthu wamkulu amakhalamo mawondo osagunda chibwano. Mukaiyendetsa kamodzi mtima umatsalira momwemo. Koma matumba a mpweya aja ndi kompuresa yake zimatopa, injini za V6 za dizilo zimadziwika ndi kuthyoka kwa crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini, ndipo ntchito zina zimafuna kunyamula bodi yonse kuichotsa pa chasisi. Amakaniko odziwa kompyuta yake mu Blantyre muno ndi owerengeka. Makaniko wanga nditamufunsa anangopukuta manja n'kunena kuti, “Achimwene, ngati muli ndi galimoto ina kunyumba, gulani. Ngati ndi yokhayo, ayi.” Kwa ine ikanakhala yokhayo.

Land Cruiser 100 ndi 200 zimakoka 3,500 ndipo n'zolimba kuposa zonsezi, koma mtengo, mafuta ndi msonkho wa MRA, womwe umakwera ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wa galimoto, zimaziika pa gulu lina. Ford Everest ya 3.2 imakoka matani atatu ndipo ndi yofewa pa msewu, kungoti sipeya zake sizinafalikire ngati za Toyota.

Chinthu china ndinachiphunzira ndi mantha. Chaka china ndinabwereka ngolo yopanda mabuleki, ndikuidzaza simenti, n'kuyamba kutsetsereka Thabwa phazi lili pa buleki. Tisanafike pakati, fungo la kupserera linadzaza m'galimoto, pedulo n'kuyamba kumira. Ndinaima pambali miyendo ikunjenjemera, utsi ukufuka m'matayala akutsogolo. Galimoto inalibe mlandu. Ngolo yoposa makilogalamu 750 imafunika mabuleki akeake, laisensi ya EB osati B, ndipo potsetsereka injini ndiyo imagwira galimoto, pa giya yotsika. Ngati yanu ndi otomatiki, ikani kafiriji kowonjezera ka oyilo wa giyabokosi musanayambe kukoka.

Ine ndinatenga Pajero, ndipo lero nditapatsidwa ndalama yomweyo ndikhoza kuitenganso. Amene ali ndi ndalama ya Prado ya dizilo yokhala ndi mabuku a sevisi, atenge Prado, makamaka ngati amayenda kutali ndi tauni. Koma iliyonse mwa izi, musalipire dobadoba asanakulolezeni kuimangirira ngolo ndi kuikweza chitunda chenicheni, makaniko wanu ali pampando wa pambali. Muvi wa kutentha ukangosuntha, bwezani makiyi.