Aflasafe ndi wabwino, koma samalani ndi amene akukugulitsani

Ndikulemba ndemanga iyi mtima ukadali kuwawa chifukwa cha mnyamata wa m'sitolo ya zipangizo zaulimi pa boma pathu, amene anandigulitsa Aflasafe, mankhwala oteteza chimanga ku poizoni wa chuku, pa mtengo wokwera ujawu n'kundiuza motsimikiza kuti ndikamuthire m'matumba a chimanga monga timachitira ndi mankhwala a anankafumbwe. Mwamwayi, alangizi athu anaona paketiyo ndisanaitsegule, ndipo anandifotokozera kuti Aflasafe si wa m'nkhokwe ayi, koma amamwazidwa m'munda, makilogalamu 4 pa ekala, kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti chimanga chitulutse ngayaye, nthaka ili yonyowa ndiponso kubandira kutatha, kuti asakwiririke.

Nditabwerera kukamuuza kuti akusocheretsa alimi, iye anapitiriza kukanda foni yake n'kundiyankha kuti, "Madala, ife timangogulitsa, zolembazo muwerenge nokha." Pamzere panali amayi awiri amene anali atagula kale katundu yemweyo, ndipo ndinachita kuwaimitsa pakhomo kuti ndiwafotokozere zimene mwini sitolo analephera kuphunzitsa wantchito wake. Sitolo imeneyo sindidzapondamonso.

Katunduyo payekha ndilibe naye mlandu. Ndi njere za mapira zowotchedwa kuti zisamere, zopakidwa utoto wa buluu, ndipo zimanyamula chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimene sichitulutsa poizoni. Akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la IITA amasankha chuku chotere m'nthaka ya dziko lomwe chidzagwiritsidwe ntchito. Patapita masiku ochepa nditazimwaza m'munda, njerezo zinachita nkhungu yobiriwira, chizindikiro chakuti chuku chabwinocho chayamba kuswana ndi kulanda malo a chinzake chimene chimatulutsa aflatokisini, poizoni amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, yemwe uja anapha anthu 125 ku Kenya mu 2004.

Poizoniyu saoneka ndi maso, choncho umboni wanga ndi wakuti ogula ena opanga chakudya cha nkhuku, amene chaka chatha anandibwezera matumba atayeza, chaka chino anayezanso n'kutenga chimanga chonse. Anankafumbwe ndi mbozi Aflasafe sawakhudza, ndipo kuumitsa bwino chimanga pa lona kukufunikabe. Chaka chamawa ndidzagulanso, koma kudzera ku kalabu yathu ya alimi.