Ndinapita kukasuma, anandipatsa pepala lowerengera

Mu Okutobala 2023 ndinabwereka mnzanga wa geni ya soya pa Santhe K180,000. Mwezi wotsatira kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, iye n'kuyamba kundizemba ngati ndine wamsonkho. Nditatopa, ndinakwera minibasi kupita ku Kasungu boma, ku kaofesi kena ka alangizi a zamalamulo, aja timati maparaligo.

Ndiyambe ndi zoipa. Benchi ndi limodzi, mthunzi palibe, ndipo ndinafika m'mawa n'kulowa dzuwa litapendeka. Mukapita, tengani madzi.

Mayi amene ndinawapeza sanathamangire kunena kuti tikasume. Anatulutsa pepala. "Bambo, kuchoka ku Santhe kubwera kuno n'kubwerera, ndi zingati?" Analemba. Anawonjezera ndalama yotsegulira mlandu, thiransipoti ya mboni zanga ziwiri, nsima yawo, ndi masiku amene sikelo yanga idzakhale osagwira ntchito mlandu ukamaimitsidwa. Kenako funso limene linandiziziritsa nkhongono: mukawina, masherifu akalanda chiyani kwa mnzanuyo? Ndinaganiza. Njinga yakapalasa ndi wailesi basi.

Anandiuza kuti lamulo limandipatsa zaka 6 zokasumira ngongole yotere, koma kwacha siidikira zaka 6. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mnzangayo sanali wouma mtima chabe, ankawerengera. Mwezi uliwonse umene wachedwa, ngongole ikumupepukira, ine ikundiwonda m'manja. Bola kuchedwa kulibe mtengo, abwezerenji msanga?

Ndiye anatilembera pangano loti tikasainirane pamaso pa amfumu. Ngongole anaisandutsa matumba a soya a makilogalamu 50, osatinso makwacha, ndipo akadumphitsa mwezi wokolola, pawonjezeke ndowa imodzi. Ine ndinkafuna thumba lathunthu la chilango, mayiwo anakana. Akuti chilango chikakula mopitirira, munthu amangothawira ku Zambia, iwe n'kutsala ndi pepala.

Chimene sindinakonde n'choti amayankhula mothamanga, ndipo mawu ena achizungu ndinachita kuwafunsa kawiri. Komanso mumtima ndinkafunabe kumuona mnzangayo ataima m'bokosi pamaso pa majisitireti, thukuta lili kamukamu. Zimenezo sanandigulitse.

Ngati amene akukuzembaniyo ali ndi galimoto kapena sitolo, mwina khothi lingakuthandizeni, ndipo mayiwo ananena okha zimenezo. Wanga uja wabweretsa matumba awiri mu Meyi. Lachitatu akuti likudikira soya wa kumunda kwa apongozi ake.