Laser ikamakana homing: switch ya NO, ya NC, kapena kungokhala opanda switch?

Amene muli ndi tima laser ta diode toyendera GRBL (pulogalamu ya mu board yoyendetsa makina) mukudziwa phokoso lija, mwadina Home mu LightBurn kapena LaserGRBL (mapulogalamu a pakompyuta olamulira laser) kuti mutu ukasake kona yoyambira, yomwe ndiyo homing, mutu wanyamuka ulendo wa kukona yolakwika, wagunda felemu, lamba akungolira kuti trrrr inu mukufufuza pozimitsira. Ine ndayesapo njira zonse zitatu ndiye ndingokuuzani mmene ndinazionera.

Ya ulesi kaye, yopanda switch. Mumaika $22=0 (setting ya GRBL yozimitsa homing), mumakankha mutu ndi dzanja mpaka pakona makina asanayake, GRBL imatenga pamenepo ngati 0,0 basi. Kapena mu LightBurn mungosankha Current Position. Ngati mumawotcha chinthu chimodzi n'kuchotsa, sizivuta. Koma ntchito ikaima pakati mutu n'kusuntha, kuti mubwerere pamzere womwewo iwalani, komanso $20 ya soft limits (yoletsa mutu kupitirira malire a makina) imakana kuyaka ngati homing ndi yozimitsa. Osaiwala kuchotsa Auto-home on startup, apo ayi izingoyesabe.

Mkangano weniweni uli pa NO ndi NC. Kaswitch kake nthawi zambiri ndi kamodzi komweko ka miyendo itatu, C (common), NO (normally open) ndi NC (normally closed), kusiyana ndi pomwe mwalumikiza waya.

NO imakhala yotsegula, imalumikiza pokhapokha mutu ukaigunda, ndipo GRBL imabwera itakonzekera kale imeneyi, $5=0 ($5 ndi yotembenuza mmene imawerengera ma switch), simusintha kanthu. Nchifukwa chake ambiri timayambira pamenepa. Vuto ndi loti nthawi yonseyo pin ija imangodalira ka pull-up ka mkati mwa chip komwe ndi kofooka, ndiye waya wa switch akayenda limodzi ndi mawaya a stepper amatola noise, makina n'kuganiza kuti agunda switch pomwe mutu uli pakati penipeni pa thabwa. Ngati $21=1 (hard limits, yoimitsa makina switch ikagundidwa) mungoona ALARM:1 ntchito yafera pomwepo. Choipa china, waya akaduka simudziwa, mumadziwira pa trrrr uja.

NC imakhala yolumikiza nthawi zonse, pin ili pa ground, noise siilowerera wamba. Mumaika $5=1. Waya akaduka kapena plug ikasolola makina amaona ngati switch yagundidwa ndiye amakana kuyenda, zimakwiyitsa inde koma bola zimenezo kusiyana ndi kuphwanya switch. Kwa ine NC yapambana, palibenso zokambirana. Ngati simukufuna kukhudzanso soldering khalani pa NO, patulani mawaya ake kutali ndi a mota, muike capacitor ya 100nF pakati pa signal ndi ground, ambiri zimawathera pompo.

Koma musanayambe kudula mawaya werengani nambala ya alarm, chifukwa nthawi zina switch timangoinamizira. ALARM:9 ndiye kuti yasaka switch osaipeza, imasaka mtunda wa 1.5 kuchulukitsa ndi zomwe zili pa $130 ndi $131 (kutalika kwa X ndi Y), ndiye manambala amenewo akachepa imatopera panjira. ALARM:8 ndi ina, yaipeza koma pobwerera m'mbuyo switch sinamasuke. $27, yomwe ndi mtunda wobwerera m'mbuyowo, imabwera ili pa 1 mm, tima switch ta kamkono katali sitimasuka ndi 1 mm, ikwezeni ifike 2 kapena 3. Ndipo $5 mukaitembenuza molakwika imabweretsanso ALARM:8 yomweyo, NO kapena NC zilibe kanthu.

Ine ndinataya madzulo onse ndikusintha $27 osaphula kanthu. Kenako ndinalemba ? mu console (polembera ma command mu LightBurn kapena LaserGRBL) ndisanakhudze chilichonse, mzere unabwera uli ndi Pn:XY, kutanthauza kuti makina akuona ma switch onse awiri ngati ogundidwa pomwe mutu uli phee pakati. Nditasintha $5 Pn inasowa, nditadina ya X ndi chala n'kulembanso ? inabwera Pn:X yokha. Chitani zimenezi pa switch iliyonse, mukadina ya X n'kuona Pn:Y ndiye kuti mwasinthanitsa ma plug.

Zothamangira kolakwika zija ndi $23, yosankha kona yosakira. GRBL payokha imasakira kumanja chakumbuyo, ma switch anu akakhala kumanzere chakutsogolo ikani $23=3. Onani kaye ngati mivi ya jog ikuyendetsa mutu mbali yoyenera, ikakhala yotembenuka vuto ndi $3 yosankha mbali yozungulira mota, konzani imeneyo musanakhudze $23.

Pali kamodzi komwe NO kapena NC sangakuthandizeni. GRBL wamba imayamba homing ndi Z (yokwera ndi kutsika), laser yambiri ilibe Z, ndiye mukalemba $H (command ya homing) mutu sugwedezeka n'komwe, pakapita kanthawi ALARM:9. Apa palibe $ yokonzera, pamafunika firmware yomwe homing cycle yake mu config.h inakonzedwa kuti izisaka X ndi Y zokha, ndipo musanaiike lembani $$ kuti ma setting aoneke, musunge manambala anu onse penapake.