Cambridge Dictionary ya pa intaneti: kodi imathandiza posankha mawu a zochita ndi a phokoso?

Mwana, foni, tambala, ng'ombe ndi chitseko chadzimbiri, zonsezi m'Chichewa zimalira. M'Chingelezi chilichonse chili ndi mneni wakewake: mwana ndi "cry", foni ndi "ring", tambala ndi "crow", ng'ombe ndi "moo", chitseko ndi "creak". Cambridge Dictionary ya pa intaneti imathandiza kwambiri pa vuto limeneli, bola mudziwe poyambira.

Ndi yaulere ndipo imatseguka pa foni kapena pa kompyuta. Chichewa mulibe, choncho simungalembe "kuuwa" n'kuyembekezera kuti ikupatsani "bark". Yambani ndi mneni amene mukumudziwa kale, monga "walk". Pansi pa tanthauzo pali gawo lotchedwa SMART Vocabulary, lomwe limasonkhanitsa mawu apachibale. Mukatsatira magulu otere mutha kufika pa mawu ngati "limp", kuyenda motsimphina, "stagger", kudzandira ngati woledzera, ndi "tiptoe", kunyang'ama. Gawoli limangoika mawuwo pamodzi osawasiyanitsa, ndiye tsegulani lililonse palokha. Amene amangotola mawu oyamba amene awaona ndi amene amalemba kuti agogo "staggered" kumsika pomwe amangoyenda pang'onopang'ono.

Mphamvu yeniyeni ya dikishonale imeneyi ili m'ziganizo zachitsanzo. Tanthauzo la "knock" ndi losavuta, koma chitsanzo ndi chimene chimakuonetsani kuti pogogoda pachitseko amati "knock on the door" kapena "knock at the door". N'chimodzimodzi ndi "listen", amene amafuna "to" patsogolo pa chinthu chomvetseredwa, pomwe "hear" safuna kanthu. Yang'ananinso chilembo T kapena I pafupi ndi mneni: T akutanthauza kuti mneniyo amatsatidwa ndi chinthu chochitiridwa, I ayi. Ambiri amadumpha tizilembo timeneti, n'chifukwa chake "raise" (T) ndi "rise" (I) amawasokoneza mpaka kalekale. Werengani zitsanzo zosachepera zitatu musanasankhe, ndipo funsani kuti akuchitayo ndani. Pa "borrow" ndi wolandira, pa "lend" ndi wopereka, ngakhale kwa ife onse awiri akubwereka.

Mawu ambiri ali ndi chizindikiro cha msinkhu wa wophunzira, kuyambira A1, ya ongoyamba kumene, mpaka C2, ya odziwa Chingelezi kwambiri. Polankhula tsiku ndi tsiku, mawu a A1 mpaka B1 amakwanira. "Weep" si wolakwika, koma amamveka wam'mabuku. Mwana amene wagwa pabwalo ndi "cry" basi.

Zofooka zilipo. Batani la sipika limangotchula mawu, m'katchulidwe ka ku Britain kapena ka ku America, silikumvetsani phokoso lenilenilo. Kusiyana kwa "creak", "squeak" ndi "screech" muyenera kukupeza nokha poona zinthu zotchulidwa m'zitsanzo: matabwa akale, mbewa, mabuleki a galimoto. Tsamba limodzi limaunjikanso matanthauzo ochokera m'madikishonale angapo, ya Chingelezi cha ku America ndi ya zamalonda, kotero mawu ngati "ring" amatalika kwambiri pa foni, ndipo zotsatsa malonda zimadya malo. Zitsanzo za pansi penipeni, zotengedwa m'zolemba zosiyanasiyana, nthawi zambiri zimakhala zolemera kwa wophunzira. Zisiyeni, gwiritsani ntchito zimene zili pansi pa tanthauzo lililonse.