Ntchito ya ma server ku Joni siigulidwa pa WhatsApp

Anyamata amene mwamaliza dipuloma ya IT ndipo mukundifunsa ngati mubwere kuno, ndatopa kukuyankhani mmodzimmodzi, ndiye werengani pano nonse. Ine ndimayang'anira ma server ndi makompyuta a makampani ang'onoang'ono ku Johannesburg, ntchito imene pa CV timalemba kuti junior system administrator. Ndisanafike pamenepa madobadoba anandidyera ndalama za fodya wa bambo anga, ndipo sindikufuna kumva kuti wina wa inu wapereka ndalama kwa anthu omwewo.

Dobadoba wanga ndinamupeza pa gulu la WhatsApp la ofuna ntchito. Ankalankhula Chichewa chakwathu, ankanditcha "mphwanga", ndipo anati pali malo ku data centre ina ku Midrand, malipiro R15,000 pamwezi, chilolezo chogwirira ntchito akonza iwo. Anati ndalama yofunika ndi R2,500 yolembetsera basi. Nditadutsa pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge n'kutsika pa Park Station, anandionetsa ofesi yake: kachipinda m'nyumba yosanja ya m'tauni, tebulo limodzi, mipando iwiri ya pulasitiki ndi chinsalu chokhala ndi chithunzi cha mzungu akumwetulira pa kompyuta. Apo ndi pamene kunatulukira R1,800 "yotsimikizira mapepala a sukulu" ndi R900 "ya kuchipatala". Chipatalacho sindinachione, dokotalayo sanandigwire ngakhale dzanja. Zonse pamodzi R5,200, osawerengera basi. Kenako anati tsopano kwatsala R8,000 ya permit. Nditamuuza kuti ndionane kaye ndi abwana a ku Midrand, foni yake inasiya kulowa. Nditabwererako kuofesi kuja ndinapeza amayi akuluka tsitsi, chinsalu chija palibe.

Mumve bwino apa. Lamulo la dziko lino la Employment Services Act la 2014 limaletsa ejenti wa ntchito kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Amene amalipira ejenti ndi kampani imene ikufuna wantchito. Aliyense amene akukuuzani kuti tumizani kaye kenakake, kaya akutchula kuti registration, admin kapena uniform, ndi wakuba, ngakhale akhale wa kumpingo kwanu.

Mnzanga wa ku Mzuzu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ku Yeoville anapsa mwa njira ina. Iye analipira R12,000 pa kasukulu kena kamene kanalemba pakhomo kuti A+ ndi Network+ (masatifiketi a IT a bungwe la CompTIA), ntchito yotsimikizika. Ataphunzira mpaka kumapeto anamupatsa pepala lokongola lonena kuti anapezekapo m'kalasi. Atafunsa za satifiketi yeniyeni ya CompTIA, anamuuza kuti voucher ya mayeso sinali m'kati mwa mtengo, agule yekha. Ndipo A+ si mayeso amodzi, ndi awiri, lililonse mtengo wake, wa madola. "Ntchito yotsimikizika" ija inali miyezi itatu yopukuta fumbi m'makompyuta akale mu shopu ya mnzake wa mwini sukulu, popanda ngakhale ya taxi. Musanalipire sukulu iliyonse funsani funso limodzi: mayeso ali m'kati kapena ayi? Akayamba kuzungulira, tulukani.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandiuza zoona, mayi wina wolemba anthu ntchito za IT ku Randburg. Ndinamutumizira CV kudzera pa LinkedIn, anandiitana, sanandipemphe ngakhale R1. Choyamba anapempha pasipoti. Ataona chidindo cha masiku 30 cha mlendo, anaitseka n'kundibwezera.

"Ndi chidindo ichi palibe kampani yolongosoka ingakulembeni," anatero. "Ndipo simungachisinthe kukhala chilolezo cha ntchito muli konkuno. Mumakapempha muli kwanu."

Anandiuzanso zimene dobadoba uja sakananena: ukapitirira masiku ako, potuluka pa bodala amakulemba kuti ndiwe wosafunika. Ukapitirira pang'ono akuletsa kulowa chaka chimodzi, ukapitirira ndi masiku oposa 30 ndi zaka zisanu. Kenako anati popeza ndabwera kale, tione zimene ndikudziwa. Anatembenuza laputopu yake, pa sikirini pali mdima ndi kachizindikiro kothwanima basi. Anati server iyi ya Linux yadzaza, webusaiti yasiya kuyankha, ndipeze chadzaza n'chiyani. Ine ndinali ndi dipuloma, ndinkatha kunena pamtima magawo asanu ndi awiri a OSI ofotokoza mmene netiweki imagwirira ntchito, koma zala zinangouma pa kiyibodi. Iye analemba df -h, kenako du, n'kundionetsa fayilo imodzi mu /var/log imene inatupa mpaka kudya disk yonse. Sizinamutengere ngakhale mphindi zitatu. Anandilembera papepala zinthu zoti ndikaphunzire, n'kundiuza kuti ndikwere basi masiku anga asanathe, ndikagwire ntchito kwathu zaka zingapo, ndidzamulembere. Ndinatuluka muofesimo nditakwiya. Koma mayi yemweyo ndi amene anadzandilumikiza ndi kampani imene ndikugwirako lero.

Ndiye zimene amafuna n'ziti? Osati zimene ambiri mumalemba pa CV zoti "computer literate, Microsoft Word, Excel". Zimenezo ngakhale mlembi wa kutchalitchi amazitha. Palibe amene angakupatseni ma server tsiku loyamba. Khomo lolowera ndi helpdesk: foni ikulira, munthu waiwala password, printer yakana, Outlook sakutsegula, ndipo chilichonse uchilembe mu tikiti. Pamenepo uyenera kudziwa Active Directory, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira maakaunti a antchito, ndi manja, kupanga akaunti, kuitsegula ikatsekeka, kuika munthu m'gulu loyenera, kudziwa Group Policy imene yamutsekera USB. Masiku ano Microsoft 365 ili paliponse, ndiye uyeneranso kuidziwa mbali ya admin.

Netiweki ndi pamene ambiri amagwera pa intaviyu. Funso limene amalikonda ndi losavuta kulimva: munthu akuti intaneti palibe, uyamba pati? Amafuna kuona ngati umaganiza mwadongosolo. Chingwe chalowa? Kompyuta yalandira IP kuchokera ku DHCP, kapena ili ndi ija yoyamba ndi 169.254 yosonyeza kuti sinalandire kanthu? Ping ikufika pa gateway? Ikufika pa 8.8.8.8 koma dzina la webusaiti likukana? Ndiye vuto ndi DNS, imene imamasulira dzina la webusaiti kukhala IP. Ukayankha kuti "ndingaizimitse n'kuiyatsanso" n'kuthera pomwepo, akuthokoza mwaulemu ndipo sudzamvanso za iwo. Pa Linux uyenera kulowa ndi SSH osachita mantha, kuwerenga ma log, kudzutsa service ndi systemctl, kumvetsa chmod, ndi kulemba ka script ka Bash kochita ntchito yotopetsa m'malo mwako. Ku Windows chimodzimodzi ndi PowerShell. Ndipo za backup, musamanene kuti mumatha kupanga backup ngati simunayesepo kubweza fayilo kuchokera mmenemo. Abwana anga amafunsa aliyense watsopano kuti anabwezapo liti, osati anasungapo liti.

Zonsezi mungaziphunzire muli pa Ndirande pomwepo, ndipo apa ndi pamene mumandikwiyitsa. Muli ndi ndalama ya basi ya ku Joni koma mulibe laputopu yakale ya RAM ya 8GB. VirtualBox ndi yaulere. Ubuntu Server ndi Rocky Linux ndi zaulere. Windows Server ya evaluation mumaigwiritsa ntchito masiku 180 osalipira. Pangani domain yanu, lumikizani makina awiri, iwonongeni dala, ikonzeni, lembani zimene mwachita. Zimenezo ndi zimene mudzakambe pa intaviyu, osati magiredi.

Ine nditabwerera ndinayamba ndi kukoka zingwe m'denga pa sukulu ina ya pulayiveti ku Blantyre, malipiro ochititsa manyazi, anzanga akundiseka kuti Joni yamulavula. Koma kumeneko ndi kumene ndinagwira server yeniyeni koyamba, ya mafayilo a aphunzitsi ndi akaunti za fizi. Magetsi akazima masana ndinkathamanga kukaizimitsa bwino UPS, batire yosungira magetsi, isanathe mphamvu, ndipo ndinaphunzira kumva ndi khutu kuti batire latopa. Nditabwera kuno, mu 2023 magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku pa stage 6, anzanga a kuno akusokonezeka, ine zinali zakunyumba. Masukulu, mabungwe, zipatala za mishoni, makampani ang'ono a intaneti, onsewa kwathu ali ndi makompyuta opanda wowasamalira. Lowani mmenemo ngakhale kwa ndalama yochepa, ndipo potuluka mutenge kalata yonena zimene munkachita.

Za masatifiketi musathamangire onse. Limodzi lenileni limaposa mapepala khumi a timasukulu ta m'makona. CCNA, satifiketi ya netiweki ya kampani ya Cisco, mayeso ake ndi madola 300, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 mukudziwa nokha kuti madola 300 ndi chiyani. Choncho musalembe musanakonzeke, mukalephera ndalamayo yapita. RHCSA, ya Linux ya kampani ya Red Hat, ndi yodula kuposa pamenepo, koma imalemekezedwa chifukwa mayeso ake alibe zosankha A, B, C, amakupatsa makina enieni kuti ukonze. Dziwaninso kuti masatifiketi amenewa amatha pakapita zaka zitatu, uyenera kuwatsitsimutsa, ndipo ndi ndalama ina imene amasukulu sakuuzani. Dipuloma kapena digiri yanu ya ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena NACIT iyenera kudutsa ku SAQA, bungwe la boma la kuno loyeza maphunziro, kuti aione kuti ikufanana ndi chiyani kuno. Mumalipira ku SAQA komweko, osati kwa dobadoba.

Tsopano chowawa, chimene ena mukana kuchimva. Ulova m'dziko lino ndi woposa 30%, ndipo ana a konkuno amene ali ndi A+ ndi Network+ ndi ambirimbiri, ali ndi ID, salira permit. Zotsatsa ntchito zambiri za helpdesk zimalemba poyera kuti nzika zokha. Kampani ivutikirenji ndi mapepala a Home Affairs chifukwa cha iwe amene ukudziwa zomwezo zimene mwana wa ku Soweto akudziwa? Ine ndinalowa malamulo asanasinthe, ndinakapempha chilolezo cha ntchito ku Lilongwe kampani itandilembera makalata onse, ndipo zinatenga miyezi yambiri. Kuyambira mu October 2024 zilolezo za ntchito amaziwerengera mapointi, poona maphunziro, zaka zimene wagwira ntchito ndi malipiro amene akupatsa. Wa dipuloma yekha wopanda chaka ngakhale chimodzi cha ntchito, mapointiwo awatenga kuti? Amene akukuuzani kuti ali ndi munthu wam'kati woika sitika mu pasipoti akukugulitsani ulendo wa ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Makampani a IT amafufuza mapepala, chifukwa akupereka makiyi a makompyuta awo onse m'manja mwako.

Ndipo musaganize kuti ukalowa ndiye wafika. Malipiro anga oyamba anali R16,000 papepala. Achotse msonkho, achotse 1% ya UIF (thumba la boma la othedwa ntchito), chipinda R3,500, ma taxi awiri kupita awiri kubwera, chakudya, data. Yotsalayo ukamatumiza kumudzi, otumiza ndalama amakuuza kuti fizi ndi yochepa, koma yang'anitsitsa reti imene akupatsa, ndi mmene amabisamo phindu lawo. Achibale akamva 16,000 amaichulukitsa mu makwacha n'kuyamba kukutumizira mndandanda wa feteleza, fizi ndi malata.

Pa intaviyu anandiuza pakamwa kuti sabata ya standby, imene umagona ndi foni ya kampani pamutu, amalipira R1,500 yapadera. Mu kontrakiti munalibe mawu amenewo. Ndinadzuka 2 koloko usiku kangapo kudzutsa server ya kasitomala, mwezi utatha payslip ilibe kanthu. Nditafunsa anandiyankha kuti ndionetse pamene zinalembedwa. Mayi wa ku Randburg uja ndi amene anaimbira foni abwana, ndipo anayamba kundilipira mwezi wotsatira, koma ya m'mbuyo ija, R4,500, mpaka lero sinabwere. Musanasaine, onani kuti standby, overtime ndi mafuta opitira kwa makasitomala zalembedwa ndi manambala ake, ndipo funsani ngati laputopu ya kampani ikabedwa mu taxi adzaidula pa malipiro anu.